Za Umoyo wa M'banja: Mawaya a m'mano, nkhama ndi mankhwala olera

Nkhani ya mwezi uno taitenga m'kalata imene yatifika kuchokera kwa mai wina wa kufupi ndi Nsipe. Dzina lake sitilitchula, pakuti m'kalatamo muli za m'nyumba. Mwana wake wamkazi, wokwatiwa, amene agwira nchito ku Johannesburg, wabwera kudzacheza kumudzi ali ndi mawaya m'kamwa, aja amene madotolo a mano amanga pofuna kuongola mano okhota kapena opanikizana. Chifikire, nkhama zake zatupa ndi kufiira. Akatsuka mano alabvula magazi, ndipo mano ena akutsogolo agwedezeka pang'ono akawakhudza ndi chala. Agogo ake ati mwanayo adamlodza anzake ansanje kunjako, ndipo ena pamudzi ati mawayawo achita dzimbiri. Koma maiyo adziwa chimene agogowo sadziwa: mwana wake alandira jakisoni wolera wa miyezi itatu, ndipo sadamuuze dotolo amene adamanga mawayawo. Tsono atifunsa mafunso awiri, ngati jakisoniyo ndiye wachita izi, ndiponso ngati mano a mwana wake adzaguluka.

Mawaya otere sadafale m'midzi yathu ya ku Ntcheu, koma ana athu a ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku South Africa ayamba kubwera nawo. Ndipo ngakhale inu amene simudzawabvala konse, za nkhama za akazi zikukhudzani, pakuti ziri m'nyumba iri yonse. Chifukwa chake tiyankha mwachifatse.

Tiyambe taona m'mene dzino likhalira. Ambiri ayesa kuti dzino lidakhomedwa m'nsagwada monga msomali m'thabwa. Si tero ai. Muzu wa dzino ukhala m'kadzenje ka fupa, ndipo pakati pa muzu ndi fupalo pali kampata kochepetsetsa, ngati gawo limodzi mwa magawo asanu a milimita. M'kampatamo muli timaulusi tosawerengeka tomanga muzu ku fupa, monga luzi limanga mbariro ku nsichi, pamodzi ndi timitsempha ta magazi todyetsa malowo. Pamwamba pake nkhama ziphimba zonse ndi kugwira khosi la dzino, kuti litsiro lisalowe pansi. Chotero dzino liri lolenjekeka m'fupa, ndipo fupa limene lirigwira ndi lamoyo, losinthika masiku onse.

Inu a kufupi ndi Mpamadzi kapena Rivirivi mudziwa m'mene mtsinje usamukira. Pokhota, madzi adya gombe limodzi chaka ndi chaka, naunjika mchenga ku gombe linalo, kufikira mtsinje uyenda pamene kale padali dimba la munthu. Dzino lisuntha momwemo. Dotolo amata tizitsulo pa mano, napisa waya m'menemo, ndipo wayayo ikankha dzino pang'onopang'ono usana ndi usiku. Mbali imene dzino lapanikiza, thupi litumako tinchito take togumula fupa, tonga chiswe. Mbali imene timaulusi takokeka, litumako tinchito tomanga fupa latsopano. Adayamba kuona zimenezi ndi galasi lokuza ndiye Carl Sandstedt wa ku Stockholm, amene adayesa pa agalu nalemba zimene adapeza mu 1904 ndi 1905. Ulendo wa dzino ndi wochedwa, ngati milimita imodzi pa mwezi, ndipo nchito yonse itenga chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, mwina kuposa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa nthawi yonseyi dzino liri pa ulendo ligwedezeka pang'ono, pakuti kadzenje kake kakula, ndipo fupa latsopano silidaume. Kugwedezeka kochepa kotere kusakuopseni, mai. Kumene kuyenera kutidetsa nkhawa ndi kutupa ndi magaziwo.

Tsono tibwere pa thupi la mkazi. M'magazi a munthu muyenda timadzi totuma ziwalo, timene madotolo atcha mahomoni. Awiri mwa amenewa alamulira kusamba ndi kubala kwa akazi, maina ao esitirojeni ndi pulojesiteroni. Nchito yao yaikulu iri m'chiberekero, koma magazi awafikitsa ponseponse, ndipo nkhama nazo ziwamvera. Akachuluka, timitsempha ta m'nkhama titanuka ndi kuchucha msanga, ndipo nkhama zikwiya koposa ndi litsiro lochepa lomwe. Ndicho chifukwa chake namwali wongotha msinkhu aona magazi pa mswachi, ndipo mai wapakati aona koposa. Mu 1963 Harald Löe ndi John Silness a ku Norway adayang'ana m'kamwa mwa amai apakati 121. Onsewo adali ndi zizindikiro za kutupa kwa nkhama, ndipo kutupako kudakula kuyambira mwezi wachiwiri kufikira wachisanu ndi chitatu, kenaka kudatsika atachira.

Pano tipatuke pang'ono. Amai ambiri akhulupirira kuti mwana ali yense wobadwa achotsa dzino limodzi la make, poti ayamwa mphamvu ya mano ali m'mimba. Mwana satenga kanthu m'dzino lai. Chimene chichitika ndi ichi: mai wapakati aona magazi potsuka, nachita mantha, naleka kutsuka, litsiro lichuluka, nkhama zitupiratupira, ndipo akasanza kawirikawiri zowawasa za m'mimba zidya mano. Mimba zikatsatizana zisanu kapena zisanu ndi imodzi mwa njira imeneyi, mano ayamba kutha, ndipo mlandu ugwera ana osalakwa.

Mankhwala olera, kaya mapiritsi, kaya jakisoni, kaya timitengo toika pansi pa khungu la mkono, ali ndi mahomoni opangidwa ndi anthu ofanana ndi awiri aja. Nzosadabwitsa tsono kuti madotolo a mano adayamba kuwakayikira. Mapiritsi oyamba adaloledwa ku America mu 1960, dzina lao Enovid, ndipo adali aukali: piritsi limodzi lidali ndi mamaikirogalamu 150 a esitirojeni, pamene ambiri a lero ali ndi 30 kapena 35. Mu 1967 Jan Lindhe ndi mnzake Björn a ku Sweden adatsata akazi omwa mapiritsi chaka chathunthu, napeza kuti nkhama zao zidayamba kuchucha koposa kale, monga za amai apakati. Koma muyeso utatsitsidwa, zinthu zidasintha. Mu 2001 Philip Preshaw ndi anzake adayesa akazi omwa mapiritsi amakono ndi ena osamwa, napeza kuti nkhama za magulu awiriwo zidatupa mofanana litsiro likasiyidwa. Ndiye kuti mbiri yoipa ya mapiritsi pa nkhama idachokera makamaka ku mapiritsi akalewo.

Komatu kuno kwathu nkhani siiri pa mapiritsi. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa amai okwatiwa 100 ali onse m'Malawi, 58 adali pa njira zamakono zolera. Mwa amenewa 30 adali pa jakisoni, 12 pa timitengo ta pa mkono, ndipo pa mapiritsi awiri okha. Jakisoni ameneyu, amene ambiri angomutcha Depo, alibe esitirojeni. Ali ndi mankhwala a mtundu wa pulojesiteroni okha, mamiligalamu 150, okhala m'thupi miyezi itatu. Mu 2000 madotolo a ku Sri Lanka, motsogozedwa ndi Tilakaratne, adayesa amai a m'midzi ya kumeneko, anthu olima ndi osauka ngati ife, napeza kuti amene adali pa mapiritsi kapena jakisoni adali ndi nkhama zotupa kuposa anzao, ndipo amene adakhalapo zaka ziwiri kufikira zinai adayamba kutaya timaulusi tija togwira mano. Mu 2012 Susan Taichman ndi anzake adapenda mbiri ya akazi a ku America a zaka 15 kufikira 44, naona kuti matenda a nkhama adapezeka kawirikawiri mwa amene adalandirapo Depo. Kupezeka pamodzi kwa zinthu ziwiri sikutsimikiza kuti china chabala chinzake, pakuti umphawi, fodya ndi kusowa dotolo nazo zilowapo. Koma zitipatsa chifukwa chokhalira maso.

Palinso za fupa, ndipo apa mpamene nkhani ya mawaya ilowera. Esitirojeni ali ngati kapitao woletsa tinchito togumula tija kuti tisapyole muyeso. Ndicho chifukwa chake mafupa a amai osiya kusamba ayamba kufooka. Depo atsitsa esitirojeni wa m'thupi, ndipo mafupa a mkazi womulandira zaka zingapo apepuka pang'ono. Boma la America lidalamula mu 2004 kuti chenjezo limeneli lilembedwe pa pepala la mankhwalawo, ngakhale kuti mafupawo abwerera mwakale, kapena kufupi ndi mwakale, mkazi akaleka. Pa kusuntha kwa mano, zambiri zimene madotolo adziwa adaziona pa makoswe. Ku Japan mu 2001 adachotsa mazira a makoswe aakazi kuti esitirojeni athe, ndipo mano ao adasuntha msanga kuposa a anzao. Ku Iran mu 2013 adapatsa makoswe mankhwala a mapiritsi olera okhala ndi esitirojeni, ndipo mano ao adachedwa kusuntha. Munthu si khoswe, ndipo dotolo wanzeru sawerengera miyezi ya mwana wanu pa makoswe. Koma aphunzirapo kuti esitirojeni akachuluka dzino lingathe kuchedwa, akachepa fupa lingathe kugumuka mofulumira. Ndipo kufulumira pa nchito imeneyi si mwai, pakuti chofunika ndi chakuti omanga asatsalire m'mbuyo mwa ogumula.

Tsono tikuyankheni, mai. Si ufiti, ndipo si dzimbiri, pakuti mawayawo apangidwa ndi zitsulo zosachita dzimbiri. Jakisoni angathe kukhala ataonjezerapo, koma iye ali ngati mphepo yokoleza moto. Nkhuni zake ndi litsiro. Pa mano a munthu ali yense pamera tsiku ndi tsiku utoto wofewa woyererako, wodzala tizirombo tosaoneka ndi maso, ndipo ukakhala masiku ambiri uuma, nusanduka ngati mwala umene mswachi sungauchotse. Tizitsulo ndi mawaya ziri ndi ngodya zambiri zobisalamo utoto umenewu pamodzi ndi nyenyeswa za nsima ndi ndiwo. Munthu akaleka kutsuka bwino, nkhama ziyamba kutupa pasanathe masabata atatu. Pakakhala litsiro, mawaya ndi mahomoni, zitatu pamodzi, magazi sachedwa. Koma pamene palibe litsiro, mahomoni pa okha achita zochepa.

Za kuguluka kwa mano, yankho lidalira kuya kwa matenda. Chiseyeye chikakhala pa nkhama pokha, chichira chonse m'kamwa mukayeretsedwa, osasiya chipsera. Chikalekereredwa, mwa anthu ena chitsikira pansi, chidula timaulusi, nichidya fupa. Pakati pa dzino ndi nkhama pachita matumba a mafinya, m'kamwa mununkha, ndipo mano aoneka ngati atalika. Fupa lodyedwa mwa njira imeneyi silimeranso monga kale. Ndipo choopsa koposa ndicho kukankha dzino ndi waya pamene pansi pake pali matenda otere, pakuti ogumula agwira nchito yao mokwanira, koma omanga alephera, ndipo fupa litha msanga kuposa likadathera popanda waya. Chifukwa chake dotolo wodziwa nchito yake samanga mawaya pa nkhama zodwala, ndipo zikadwala pakati pa ulendo aleka kukoka, nayamba wachiza. Mwana wanu ndi wachitsikana, ndipo bvuto lake ndi la miyezi yochepa; mwai ulipo waukulu kuti likali pamwamba. Koma chimenechi achidziwa ndi amene ali ndi kachitsulo koyezera kuya kwa matumbawo, osati ife kapena inu.

Pali mau ena amene sitingawalumphe m'tsamba lino. Chiphunzitso cha Eklezia pa njira zolera zopangidwa ndi anthu muchidziwa. Papa Paulo VI adachilongosola m'kalata yake Humanae Vitae mu 1968, ndipo sichidasinthe. Kalata yomweyo siiletsa mankhwala operekedwa pochiza nthenda, ngakhale atatseketsa kubala, malinga ngati cholinga si chimenecho. Ndipo alipo akazi amene alandira mahomoni omwewa chifukwa cha kutaya magazi kwambiri posamba kapena matenda ena a m'chiberekero. Chotero musafulumire kuweruza mnzanu pongomva kuti ali pa mankhwala. Za mtima wa mwana wanu akakambe ndi mwamuna wake ndi bambo mfumu. Za kusintha kapena kuleka mankhwala akakambe ndi a chipatala. Koma kubisira dotolo wa mano, kumeneko tikukana. Tidziwa chimene chichititsa: manyazi, poti dotoloyo mwina ndi mwamuna wachilendo, ndiponso maganizo akuti za m'chiuno sizikhudzana ndi za m'kamwa. Dotolo safunsa kuti aweruze. Afunsa kuti adziwe mphamvu yoyenera kuika pa waya, ndi kuti aone nkhamazo pafupipafupi. Womuyankha zabodza achimwira lamulo lachisanu ndi chitatu, nabvulaza nsagwada zake zomwe.

Chifukwa china ndi ichi. Kawirikawiri pofuna kupezera malo mano opanikizana, dotolo azula awiri kapena anai asanamange mawaya. Pozulidwa dzino payenera kuundana magazi otseka dzenje kufikira lipole. Mwa akazi omwa mapiritsi okhala ndi esitirojeni, magazi oundanawo asungunuka msanga kawirikawiri kuposa mwa ena, fupa likhala poyera, ndipo patapita masiku awiri kapena atatu ululu wake usowetsa tulo. Dotolo wodziwiratu asankha tsiku labwino, nachenjeza mwini wake. Momwemonso mumuuze ngati muli ndi pakati, ngati muli ndi nthenda ya shuga, ngati musuta kapena kufwenkha fodya, ndiponso ngati mumwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi kapena a khunyu, pakuti ena mwa amenewa, monga nifedipine ndi phenytoin, akulitsa nkhama mpaka kuphimba tizitsulo.

Nanga pano ali kumudzi achite chiani? Choyamba, asayese munthu kudula kapena kuzula mawayawo ndi pulayala, ngakhale akhale mmisiri wa njinga wotchuka ku Lizulu. Angathe kuswa dzino, ndipo mano osiyidwa pakati pa ulendo abwerera kokhota. Asatemedwenso mphini kapena kupakidwa zitsamba zoluma pa nkhama. Apite ku chipatala cha boma ku Ntcheu, kumene kuli chipinda cha mano. Anchito a kumeneko angathe kuyeza nkhama ndi kupala litsiro louma lija ngakhale mawaya alipo, ndipo akaona kuti nkofunika amtumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Madotolo a mano m'dziko lathu ndi ochepa. Sukulu yowaphunzitsa kuno idayamba mu 2019 mokha ku College of Medicine, imene tsopano iri mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo odziwa za mawaya apezeka m'mizinda. Chifukwa chake alembere kapena aimbire lamya dotolo wake wa ku Johannesburg, amuuze zonse, za jakisoni zomwe, ndi kumfunsa masabata angati angakhale osaonedwa. Mawaya afuna kuonedwa ngati mwezi uli wonse kapena miyezi iwiri, ndipo makolo amene mulingalira zowabveka ana anu muwerengeretu ndalama za basi za zaka ziwiri, osati mtengo wa tsiku loyamba lokha. Walira mvula walira matope.

Pa za tsiku ndi tsiku, magazi asamletse kutsuka. Ambiri akaona magazi aleka, poyesa kuti mswachi ndiwo wabvulaza. Koma nkhama zabwino sizitulutsa magazi ndi mswachi wofewa, ndipo wotsuka mosamala aona magazi akuchepa pasanathe masabata awiri. Atsuke m'mawa ndi madzulo pogona, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, mswachi utapendekera pamene dzino likomana ndi nkhama, kenaka pamwamba ndi pansi pa waya, dzino limodzi limodzi. Akatha kudya masana achukuche ndi madzi. Ogulitsa mankhwala m'mizinda ali ndi timiswachi tating'ono tolowa pansi pa waya, ndipo ndi tothandiza koposa. Makala, phulusa ndi mchenga zipala dzino ndi kubvulaza nkhama, zisiyeni. Madzi ofunda othira mchere pang'ono atonthoza nkhama zotupa, koma salowa m'malo mwa mswachi.

Nzimbe, chimanga chokazinga, mtedza wouma ndi mafupa a nyama ziguza tizitsulo. Aziiwale kufikira mawaya achoke. Maswiti ndi zakumwa za m'botolo zisiya mawanga oyera osafufutika mozungulira tizitsulo. Koma zipatso ndi ndiwo zamasamba zilimbitsa nkhama, ndipo ife a ku Ntcheu tiribe chowiringula, pokhala tomato ndi kabichi zochokera ku Tsangano zidzaza msika wa pa mseu, ndipo magwafa ndi masuku ali m'tchire pa nyengo yake. Zolimba azidule ndi mpeni tizidutswa, asalume ndi mano akutsogolo. Mano akamawawa masiku oyamba dotolo atakoka waya, Panado akwanira. Brufen ndi anzake, akamwedwa masiku ambiri, achedwetsa kusuntha kwa dzino.

Agogo aja muwauze mwaulemu kuti mdzukulu wao akudwala chiseyeye, nthenda imene iwonso aidziwa, ndipo kuti mupita naye ku boma Lolemba. Za jakisoni ndi za mwini wake. Awauze yekha ngati afuna. Koma akafika m'chipinda cha mano, atenge kabuku kake ka chipatala, ndipo anene tsiku limene adabaidwa komaliza.